Maikolofoni ya riboni yogwiritsidwapo kale: mugule kapena ayi?

Wowerenga wina wa ku Area 25 watumiza imelo. Ali ndi situdiyo ya chipinda chimodzi, amajambula makwaya ndi malipenga, ndipo wina akumutsatsa maikolofoni ya riboni yogwiritsidwapo kale. Akufunsa ngati agule.

Achimwene, ngati mitundu ina ya maikolofoni, condenser ndi dynamic, muli nayo kale, gulani. Ngati ikakhale yokhayo m'situdiyo, dikirani kaye.

M'kati mwa maikolofoniyi muli riboni, kachitsulo ka aluminiyamu kopyapyala, pafupifupi ma micron 2 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), kopindapinda ngati lata, kolenjekeka pakati pa maginito. Sikakokomeza mawu akuthwa, n'chifukwa chake lipenga lomwe limabaya m'makutu pa condenser limamveka lofewa pa riboni. Maikolofoni ya riboni ya Royer R-121, yomwe inatuluka mu 1998, inatchukira pa amp ya gitala pa chifukwa chomwechi.

Maikolofoni ya riboni imamva kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, koma m'mbali ndi gonthi. M'chipinda chaching'ono cha makoma a simenti, kumbuyoko kumatola mawu obwerera kuchokera kukhoma, choncho kolekani bulangete lochindikala kumeneko. Ng'oma zikhale kumbali kwa maikolofoniyo. Lipenga likhale masentimita 40 mpaka 60, lisaloze ndendende pa riboni. Woimba akayandikira kwambiri besi amachuluka, mawu n'kutsekeka.

Magetsi amene imatulutsa ndi ochepa zedi. Pamawu a munthu imafuna gain (kukweza mphamvu ya mawu) ya 60 mpaka 70 dB, ndipo ma interface (timabokosi tolumikizira maikolofoni ku kompyuta) ambiri otsika mtengo akafika pamenepo amayamba kulira kuti sii. Kabokosi ngati Cloudlifter kamawonjezera pafupifupi 25 dB. Kamadya phantom, magetsi omwe interface imatumiza mu kebulo, koma sikaipititsa ku maikolofoni.

Phantom ya 48V ndiye yofunika kusamala nayo. Izimitseni, dikirani masekondi angapo, kenako lumikizani. Kebulo ya maikolofoni (XLR) yowotcherera mosemphanitsa mawaya imakankhira magetsiwo pa riboni n'kuitambasula kapena kuidula. Maikolofoni ya riboni ya active yokha, yomwe ili ndi chokwezera mawu m'kati, ndiyo imafuna phantom, ndiye funsani mtundu wake.

Chonde musaiyese maikolofoniyo poiuzira mpweya, ndipo oimba muwaikire pop filter, kasefa kotchinga mpweya wa m'kamwa. Fumbi la Lilongwe la Ogasiti mpaka Okutobala limabwera ndi tizitsulo tomwe maginito amakoka, choncho mukamaliza iphimbeni ndi kathumba, muisunge choimirira kuti riboni isalefuke.

Musanapereke ndalama, ilumikizeni, valani mahedifoni, lankhulani kutsogolo ndi kumbuyo, kenako ipendeketseni pang'onopang'ono. Mukamva kukhwekhwereza, kapena mawu akamanjenjemera pa besi, riboni yatambasuka. Kuika ina ndi ntchito ya katswiri, ndiye mtengo utsike kwambiri kapena muisiye.