Za dzina la John lomwe apongozi akufuna

Amayi amene mwati mukuyembekezera mwana wamwamuna mwezi wamawa, ndipo apongozi akufuna adzakhale John potengera malemu agogo ake, koma inu mukuona ngati ndi dzina lachikale komanso simukudziwa kumene lidachokera: ine ndiyankhapo za dzinalo ndi za mapepala. Za kogula matewera ndi mabulangete otchipa akuthandizani ena.

Amene amati John ndi dzina la azungu lopanda tanthauzo, komanso amene amati limatanthauza "wokondedwa", sadafufuze. Dzinali ndi lachiheberi. Ayuda ankati Yohanan, kutanthauza kuti Yehova wachita chisomo. Agiriki polemba Chipangano Chatsopano adati Ioannes, m'Chilatini lidakhala Iohannes, ndipo pofika ku England lidafupika n'kukhala John. Yohane wa m'Baibulo lathu ndi dzina lomwelo. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amati João, a ku France amati Jean, ku Russia Ivan, ku Scotland Ian. Yahaya amene mumamumva kwambiri ku Mangochi ndi ku Machinga ndi dzina limene Asilamu amatchulira Yohane M'batizi yemweyo. Koma Jonathan ayi, musasokoneze, limenelo ndi dzina lina ndipo limatanthauza kuti Yehova wapereka. Johnson ndiye kuti mwana wa John.

Mukapeza mpata werengani Luka 1, kuyambira ndime 57 mpaka 63. Pa tsiku lachisanu ndi chitatu achibale adabwera n'kufuna kumutcha mwanayo Zekariya, dzina la bambo ake. Elizabeti adakana, nati akhale Yohane. Achibale adadandaula kuti pamtundu pawo palibe wa dzina limenelo, ndipo atamufunsa Zekariya, yemwe nthawiyo sankatha kulankhula, adalemba pa cholembapo kuti dzina lake ndi Yohane. Ndatchula zimenezi chifukwa mawu omaliza adali a makolo a mwanayo. Apongozi muwalemekeze, mumve maganizo awo, koma inu ndi bambo a mwana mugwirizane kaye awiriwiri.

Kutchuka kwake kudachokera kwa anthu awiri, Yohane M'batizi ndi Yohane mtumwi. Akhristu a ku Ulaya akhala akupatsa ana awo dzinali kwa zaka mazanamazana, ndipo palibe dzina limene apapa alitenga kwambiri kuposa limeneli. Womaliza kulitenga palokha, osaliphatikiza ndi dzina lina, adali John XXIII amene adamwalira mu 1963. Ku America, pa kaundula wa boma, John lidali dzina loyamba pa ana aamuna chaka ndi chaka kuchokera mu 1880 mpaka 1923. Kuno kwathu lidafika ndi mamishoni, Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, pamene obatizidwa ankalandira dzina la m'Baibulo. John Chilembwe wa ku Chiradzulu, amene adatsogolera kuukira atsamunda mu Januwale 1915, timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse ndipo nkhope yake ili pa K500 ndi pa K2000. Ngati ndinu a Katolika, dzinali ndi la oyera kale, simudzasowa lina la ubatizo. Chikondwerero cha kubadwa kwa Yohane M'batizi ndi pa 24 Juni, cha mtumwi pa 27 Disembala.

Zoti ndi lachikale n'zoona pang'ono. Kusikelo masiku ano mumva kwambiri a Jayden, a Ethan ndi a Favour. Ine ndimaona kuti pamenepo m'pamene pali ubwino wake: agogo akumudzi alitchula bwinobwino, aphunzitsi salifunsa kawiri, ndipo mwana akadzakula lidzamukhalabe, kaya ali pa udindo kaya ali kunja.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse ndi kalembedwe, chifukwa apa m'pamene anthu ambiri amalira. John ali ndi zilembo zinayi zokha koma amalakwitsidwa koopsa: Jhon, Jon, Joni, Johni. Ena m'buku la kusikelo alemba John, ku tchalitchi pa khadi la ubatizo alemba Yohane, kusukulu mwana yekha anena kuti ndine Joni ndipo aphunzitsi alemba momwemo. Ali wamng'ono palibe chimene chimaoneka. Vuto limadzatulukira akalemba mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4, chifukwa dzina limene sukulu yatumiza ku MANEB ndi limene limabwera pa satifiketi. Akafika zaka 16 n'kukatenga chiphaso cha unzika, dzina likasiyana ndi la pa satifiketi ngakhale chilembo chimodzi, kubanki, kofunsira ntchito ndi kopangitsa pasipoti amamuona ngati anthu awiri. Kukonza kwake ndi kukalumbira kwa loya kapena kukhoti kuti John ndi Jhon ndi munthu mmodzi, makalata ochokera kusukulu, ndi maulendo angapo opita kuboma. Mukawerengera thiransipoti ndi zolipira malumbiro, ndi masauzande ambirimbiri a makwacha, ndipo nthawi zina mwayi wa sukulu kapena wa ntchito umadutsa mapepala asanakonzeke.

Ndiye chitani chonchi. Musanapite kuchipatala, lembani dzina lonse papepala ndi zilembo zazikulu, loyamba, lapakati ndi la bambo, muike m'chikwama cha katundu wa mwana pamodzi ndi ziphaso zanu nonse awiri. Sankhani chimodzi, John kapena Yohane, osati kusinthasintha. Polemba fomu ya kubadwa kwa mwana ya NRB, nthambi ya boma ya kalembera, apatseni pepalalo m'malo mongotchula pakamwa, ndipo muwerenge zimene alemba musanasaine. Lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masabata 6 chibadwire, choncho ngati kwanu dzina limaperekedwa potuluka m'chikuta, mchombo utagwa, nthawi ilipo yokwanira, chachikulu musazengereze. Satifiketi ya kubadwa ikatuluka, imeneyo ndiyo muzitengera pena paliponse, ku ubatizo ndi polembetsa Sitandade 1. Jambulani pa foni ndipo musunge fotokope kwa wachibale wina.

Chenjezo lina ndi dzina lapakati. Ngati bambo a mwana ndi a Banda, a Phiri kapena a Mwale, musamusiye ndi mayina awiri okha. A John Banda ndi a John Phiri ndi ochuluka zedi m'dziko muno, ndipo kusokonezeka kwa zotsatira za kuchipatala, mndandanda wa malipiro kapena ndalama zotumiza pa foni kumayambira pomwepo. Muikireni lachiwiri lachichewa, monga Yamikani, Limbani, Kondwani kapena Dalitso. Pamenepo apongozi apeza dzina la malemu, inunso mwaikapo lanu, ndipo kunyumba mukhoza kumuitana limene mukufuna. Chisomo ndi labwino, kungoti tanthauzo lake ndi lomwe lili kale mu John.

Funsaninso bambo a mwana dzina limene lili pa chiphaso chawo ngati dzina la banja. M'mabanja ambiri ana adatenga dzina loyamba la bambo awo kukhala la banja, ndiye ngati malemu agogo aja ndi amene adapereka John ameneyo, mwana wanu adzakhala John John pa mapepala onse. Zikakhala choncho, lachichewa likhale patsogolo.