Za aphunzitsi a ku yunivesite amene amapita ku ukazembe

Achimwene, mwafunsa kuti mphunzitsi wa pa yunivesite akamupatsa ukazembe si kungomuthokoza pa ndale basi, ntchitoyo angaithe? Ine ndikuti angaithe ndithu, bola akhale munthu woti mpando sunamulowe m'mutu. Taonani David Rubadiri.

Bamboyu anaphunzira ku Makerere ndi ku Cambridge, mu 1959 atsamunda anamutsekera nthawi ya State of Emergency ija, ndiye dziko litalandira ufulu mu 1964 Kamuzu anamutuma kukakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America komanso ku United Nations. Tangoganizani, munthu wa zaka 34, dziko lake la masabata ochepa chabe, akukapereka makalata ake kwa Lyndon Johnson. Koma kumudzi kunali kutatentha, nduna ngati Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa zachotsedwa, Chipembere watula pansi udindo, ndiye mu 1965 nayenso anati ayi sindingayankhulire boma lomwe mtima wanga sukugwirizana nalo, anausiya ukazembewo. Apa ndi pomwe ine ndimamuvulira chipewa, chifukwa galimoto, nyumba, ulemu wonse uja anausiya n'kubwerera ku choko, osadziwanso kuti kwawo adzapondako liti.

Zaka zoposa 30 ali kunja akuphunzitsa, ku Makerere mpaka za Idi Amin zitavuta, kenako Nairobi, kenako Botswana komwe anakhalitsa. Matipate atabwera boma la Muluzi linamutumanso ku UN mu 1997, ndipo mu 2000 anadzakhala Vice Chancellor (VC), mkulu woyendetsa University of Malawi, nthawi imeneyo Chanco, Poly, Bunda, Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zonse zili pansi pa ambulera imodzi.

Ndipo musaone ngati ntchito ziwirizi ndi zotalikirana. VC m'mawa ali ndi malekchara akufuna malipiro akwere, masana ma students atseka msewu nkhani ya alawansi, madzulo ku unduna akuti ndalama kulibe, onsewa uwamvere, uwayankhe osanyoza aliyense koma osanamanso, nanga ukazembe ndi chaninso? Chomwe chimandiwawa ine ndi pamene munthu wamaphunziro ake abwinobwino akangopatsidwa mpando pakamwa pamatsekeka, zolakwika akuziona koma akuopa kuitanidwa kuti abwerere kumudzi.

Rubadiri anamwalira mu September 2018 ku Mzuzu ali ndi zaka 88. Ana asukulu ambiri amangomudziwa ngati mlakatuli, za 1965 zija sanauzidwe, inu kawauzeniko anu.