Mafunso Anu: N'chifukwa chiyani kompyuta ya quantum imakhala m'firiji?

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa Physics pasekondale ina kuno ku Dedza. Ophunzira andifunsa chifukwa chomwe kompyuta ya quantum amaiziziritsa kwambiri. Ndiwayankhe bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, ayambitseni ndi qubit, yomwe ndi bit ya kompyuta ya quantum. M'kompyuta wamba bit, kachidutswa kakang'ono kwambiri ka uthenga, imakhala 0 kapena 1 basi. Qubit imanyamula gawo la 0 ndi gawo la 1 nthawi imodzi, koma mukangoiyeza imagwera mbali imodzi. Mkhalidwe umenewu sulimba. Kutentha pang'ono, kugwedezeka kwa nyumba kapena mphamvu ya maginito yodutsa chapafupi zimaufafaniza, ndipo akatswiri amati decoherence.

Ndiye makina a Google ndi IBM amawaziziritsa kufika pafupifupi 15 millikelvin, ndiko kuti cha m'ma -273°C. Chisanu cha Juni kuno ku Dedza sichifikako n'komwe. Firiji yake imasakaniza mitundu iwiri ya helium, helium-3 ndi helium-4, n'kumatsitsa kutentha m'magawomagawo, chip yonyamula ma qubit ili pansi penipeni. Vuto lina ndi mawaya: ma qubit amalamulidwa ndi mafunde a microwave odzera m'mawaya, ndipo waya aliyense amalowetsako kutentha. Ma qubit akachuluka, firiji imalemedwa.

Koma chomwe tikufuna ophunzira agwiritse ndi nkhani ya zolakwika. Pa chip ya Willow, yomwe Google inalengeza mu Disembala 2024 ili ndi ma qubit 105, qubit imasunga mkhalidwe wake kwa nthawi yosakwana 100 microseconds, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi. Komanso qubit simungaikopere monga timachitira ndi fayilo. Choncho uthenga wa qubit imodzi yodalirika amaumwaza pa ma qubit ambiri, ena n'kumalondera anzawo. Google itakulitsa gululo kuchoka pa 3x3 kufika 5x5, kenako 7x7, zolakwika zinkatsika ndi theka ulendo uliwonse. Kwa ife apa m'pamene pagona nkhani, kuposa kuchuluka kwa ma qubit.

Funso: Ndimagulitsa mbatatesi pa Lizulu, ku Ntcheu. Makinawa sadzatibera ndalama za pafoni?

Yankho: Mayi, pakadali pano ayi. Mu 1994 katswiri wa masamu Peter Shor anasonyeza kuti kompyuta ya quantum ingathyole loko wa RSA woteteza mauthenga pa intaneti, koma pamafunika ma qubit ochuluka kutalitali kuposa omwe alipo lero. Mu Ogasiti 2024 bungwe loona za miyezo la NIST ku America linatulutsa kale njira zatsopano zotetezera, zopangidwira kulimbana ndi makina otere.