Yambani mwaona bwalo, za usiku zibwere pambuyo

Achimwene, mwafunsa kuti ndi mzinda uti umene ungakhale wabwino kupitako ndi timu yanu kukasewera mpira ndi kusangalala usiku. Pa mizinda itatu imene mwatchulayo, Prague, Budapest ndi Lisbon, ine ndinapondako Budapest ndi timu yathu ya masosho, ndipo nditangowerenga uthenga wanu ndakumbukira bondo la mnzanga wina ngati kuti zinachitika dzulo. Ambiri amene ayankha kale akungokamba za mabala ndi magule, choncho ndiloleni ndikambe za mpirawo, chifukwa ifenso tinasankha mzinda poyang'ana zisangalalo zake za usiku, bwalo tinaliganizira pomalizira, ndipo tinaona chimene chinameta nkhanga mpala.

Tinali anthu 18, osewera 14 ndi ongoperekeza 4, ndipo ine ndinali msungichuma wa ulendowo. Tinapeza pa intaneti bambo wina amene ankati ntchito yake ndi kukonzera maulendo matimu ngati athuwa. Anatilonjeza masewero awiri apaubwenzi a osewera 11 mbali iliyonse, pa bwalo la udzu weniweni, woyimbira alipo, basi yotitenga ilipo, ndipo masewero oyamba anati adzakhala Loweruka 3 koloko masana, kuti anthu adzathe kugona mokwanira akachokera kokasangalala. Tinamulipiriratu theka la ndalama popanda kumufunsa ngakhale dzina la bwalolo. Malo ogona anatipezera m'dera la nambala 7, lotchedwa Erzsébetváros, kumene kuli mabala otchuka aja a m'nyumba zakale zooneka ngati mabwinja, monga Szimpla Kert ya mumsewu wa Kazinczy, ndipo pa zimenezo zokha ndivomere kuti sanatinamize.

Tinafika Lachisanu madzulo, tinakwera basi ya 100E kuchokera pa bwalo la ndege mpaka pa Deák Ferenc tér, tinaponya zikwama m'zipinda n'kulowa m'tauni. Cha m'ma 11 koloko usiku bambo uja anatumiza uthenga pa WhatsApp kwa kaputeni wathu yekha, wonena kuti masewero asunthidwa, tsopano ayamba 9 koloko m'mawa, ndiponso kuti basi yavuta ndiye tikafike tokha. Kaputeniyo anauona uthengawo 2 koloko itadutsa, anthu atabalalika kale m'magulu atatu, ena mafoni atawathera moto. Ndinayendayenda m'misewu imeneyo mpaka cha m'ma 4 koloko kusakasaka akuluakulu a mabanja awo ngati mbuzi zothawa m'khola, ndipo goloboyi wathu sindinamupeze n'komwe, anatulukira yekha kukucha ali ndi chisoti cha munthu wina kumutu.

M'mawa tinanyamuka tili ndi matsire, ena asanagone ngakhale ola limodzi. Tinakwera sitima ya pansi pa nthaka, kenaka basi, ndipo m'njiramo anzathu atatu anagwidwa ndi oyang'anira matikiti n'kuwalipiritsa chindapusa pomwepo, chifukwa kumeneko kugula tikiti sikokwanira, umayenera kuidinditsa m'kamakina usanayambe ulendo. Cholakwa chimenecho chinali chathu, sindikuchiika pa munthu wina. Koma titafika kumene mapu a pafoni anatilozera, kunja kwenikweni kwa mzinda, tonse tinangoti kakasi. Linali bwalo laling'ono lozunguliridwa ndi waya ngati khola la nkhuku, la udzu wapulasitiki, magolo ake ang'onoang'ono ngati a mpira wa manja, loseweramo anthu 6 mbali iliyonse. Mpira wa mabwalo ang'onoang'ono oterewa ndi wofala kwambiri m'dziko la Hungary, ndipo eni akewo amaukonda ndi kuudziwa, koma ife si umene tinalipirira. Woyimbira kunalibe, ndipo bambo wathu uja sanaoneke, foni yake inali yozima.

Wosamalira bwalo, mkulu wachikulire amene sitinkamvana naye chinenero, anangoyang'ana kumapazi athu n'kuyamba kupukusa mutu. Anagwira jombo ya mmodzi wa ife, anaitembenuza, analoza misomali yake yachitsulo n'kuloza kugeti. Pa osewera 14, amene anali ndi nsapato zoyenera udzu wapulasitiki anali 4 okha. Otsalawo anasewera ndi nsapato zimene anavinira usiku, zosalala kunsi, pa bwalo limene linali lidakali lonyowa ndi mvula ya m'bandakucha. Timu imene tinakumana nayo inali ya anthu aulemu kwambiri, ogwira ntchito pamodzi amene amasewera pa bwalo lomwelo sabata iliyonse, ndipo nawonso anauzidwa dzulo lake kuti kukubwera alendo. Pofika pakati pa masewero anali atatimwetsa zigoli 5 ife tisanagwireko mpira bwinobwino.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba kumene, wotchinga kumbuyo wathu, bambo wa zaka 41 amene anali asanavulalepo chiyambire kusewera, anathamangira mpira pafupi ndi waya uja. Phazi lakumanzere linaterereka, lakumanja linakanirira pansi, thupi lonse linapotoloka, ndipo ine amene ndinali mamita ochepa kuchokera pamenepo ndinamva phokoso ngati la nthambi youma ikamathyoka. Poyamba sanalire. Anagona chagada atagwira bondo ndi manja onse awiri, maso ali tong'o kuyang'ana kumwamba, milomo itauma, kenaka anayamba kusanza. Timibulu takuda ta labala timene amathira mu udzu wapulasitikiwo tinali titamumata m'masaya ndi m'tsitsi, ndipo pazifukwa zimene sindikuzimvetsa mpaka lero, ndinayamba kumuchotsa timibuluto kamodzikamodzi m'malo moitana thandizo. Tinalibe bokosi la mankhwala, tinalibe ngakhale bandeji imodzi, pakuti zonsezo bambo uja anati zidzapezeka pabwalo. Anaimba 112, nambala ya foni ya zangozi, ndi mmodzi wa osewera a timu inayo, ndiye amene anafotokozera a ambulansi njira, ndipo anavula jekete lake n'kumufunditsa mnzathuyo chifukwa anali akunjenjemera. Tinadikira pamenepo bondo likutupa tikuona, mpaka linaposa ntchafu kukula, pamene wosamalira bwalo ankatiloza wotchi chifukwa ola lathu linali litatha ndipo ana a timu ina anali ataima kale pageti ndi makolo awo.

Kuchipatala anatilandira bwino, pamenepo ndilibe dandaulo. Madokotala anati mtsempha wa m'kati mwa bondo waduka ndipo padzafunika opaleshoni akadzabwerera kwawo. Vuto linabuka pa inshulansi. Ine monga msungichuma ndinagulira gulu lonse inshulansi yotsika mtengo imene inkangokwaniritsa zofunika pa viza, ndipo nditaimba foni ndili m'khonde la chipatala, mayi amene anayankha anandiwerengera modekha ndime yonena kuti kuvulala pa masewero okonzedwa a timu sikuli m'gulu la zimene amalipira, kenaka anafunsanso ngati wovulalayo anali atamwa mowa. Ndinasowa mtengo wogwira. Tinasonkha ndalama za chipatala, za ndodo zoyendera, ndi za kusintha tikiti ya ndege kuti apeze mpando wotambasulirapo mwendo, ndipo thumba lonse la ulendo linathera pamenepo.

Bambo ujayu anayankha Lolemba, ife tili kale pa bwalo la ndege. Analemba mizere itatu yokha, kuti pamgwirizano wathu panali mawu akuti nthawi ndi malo zikhoza kusintha, kuti masewero a Lamlungu tinawakana tokha, ndipo kuti akutifunira ulendo wabwino. Za wovulalayo sanafunse ngakhale liwu limodzi. Munthu ameneyu anali dobadoba chabe wokhala ndi zithunzi zokongola za mabwalo a eni ake, ndipo ndikukhulupirira kuti bwalo lija analibwereka usiku womwewo ataona kuti tafikadi, chifukwa mwina ankayembekezera kuti tiledzera mpaka kuiwala mpira. Anatidyera masuku pamutu ife tili maso. Ndipo poti ndayamba kale kunena, ndinene kuti anzanga ena anandikhumudwitsanso, pakuti pamene ine ndi kaputeni tinali pa benchi ya chipatala mpaka usiku, iwo anapita kukaviika matupi m'madzi otentha a ku Széchenyi n'kumatitumizira zithunzi ali m'matawulo, ati kuti atisangalatse.

Tsopano pa funso lanu, ine ndikuti musayambe ndi mzinda. Yambani ndi timu imene mukasewere nayo ndi bwalo limene mukasewerepo, ndipo mulankhule ndi anthu amenewo inu eni, osadzera mwa mkhalapakati. Afunseni dzina la bwalo ndi msewu wake, muliyang'ane pa mapu a Google kuchokera kumwamba kuti muone kukula kwake, mufunse ngati udzu wake ndi weniweni kapena wapulasitiki, chiwerengero cha osewera mbali iliyonse, utali wa masewero, ndi amene adzalipire woyimbira. Ola loyambira lilembedwe, ndipo lisakhale la m'mawa. Aliyense anyamule nsapato za mitundu iwiri. Inshulansi muiwerenge ndime ndi ndime mpaka mupeze pamene palembedwa kuti mpira wamiyendo wa timu uli momwemo, chifukwa malire a mayuro 30,000 amene amafunika pa viza ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi, amangokutsegulirani chitseko cholowera, satanthauza kuti bondo lanu latetezedwa pabwalo. Amene mapasipoti awo amafuna viza ayambe msanga, chifukwa mayiko atatu onsewa, Czechia, Hungary ndi Portugal, ali mu Schengen, mtengo wa viza unakwera kufika pa mayuro 90 mu 2024, ndipo yankho limatenga masiku 15 koma likhoza kufika masiku 45. Timu imene yakanizidwa osewera atatu sabata yonyamukira ndiye kuti yatha isanakwere ndege.

Komabe ndisakunamizeni, popanda munthu wa komweko wodziwa chinenero mudzavutika, chifukwa matimu ang'onoang'ono ambiri sayankha makalata a alendo, ndipo chinenero cha ku Hungary sichifanana ndi cha dziko lililonse loyandikana nalo. Ndiye mkhalapakati mungamufunebe, koma akhale wa kampani yolembetsedwa yokhala ndi ofesi, akupatseni manambala a matimu awiri amene anawathandizapo kuti muwafunse, ndipo ndalama yaikulu mudzamalize mutaponda pa bwalo.

Prague ndi mzinda wokongola ndipo uli ndi Sparta ndi Slavia ngati mukufuna kukaonerera mpira wa akatswiri, koma dziwani kuti kuyambira chakumapeto kwa 2024 akuluakulu a mzindawo analetsa maulendo okonzedwa ozungulira mabala ndi wotsogolera pakati pa 10 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa, chifukwa anthu okhala m'katikati mwa mzinda anatopa ndi phokoso la magulu a alendo oledzera. Kumwa sikunaletsedwe, koma gulu la amuna 18 ovala yunifolomu imodzi akuimba mumsewu silingayembekezere kulandiridwa ndi manja awiri. Amsterdam inachitanso zofanana mu 2023 pamene inayamba kampeni youza anyamata obwera kudzaledzera kuti asabwere, ndiye mzindawo musauwonjezere pa mndandanda wanu. Kumbukiraninso kuti ku Prague amagwiritsa ntchito koruna ndipo ku Budapest forint, pamene ku Lisbon ndi yuro, zimene zimachepetsa mutu kwa msungichuma. Lisbon ili ndi ubwino wa nyengo, chifukwa miyezi imene Prague ndi Budapest kumazizira mpaka madzi kuuma, kumeneko mukhoza kusewera bwinobwino, ndipo kuli Benfica pa Estádio da Luz ndi Sporting pa José Alvalade. Kuipa kwake ndi kwakuti usiku wa m'madera a mabala a Bairro Alto ndi Cais do Sodré umayamba mochedwa kwambiri, sitima za pansi zimaleka kuyenda 1 koloko, ndipo mzindawo ndi wa zitunda zokhazokha za miyala yoterera, moti miyendo ya osewera imatha asanaone mpira.

Njira imene ikanatipulumutsa ife ndi yosewera kaye tsiku loyamba lenileni, anthu asanalawe kalikonse, kenaka masiku otsalawo n'kuwasiyira zisangalalo. Masewero amodzi akwana, awiri ndi umbombo. Ndikudziwa kuti kuuza anthu amene alipira tikiti ya ndege kuti agone 10 koloko usiku woyamba n'kungodzivutitsa, ineyo sindikanamvera, ndiye mwina bwino mufike m'mawa n'kusewera madzulo a tsiku lomwelo.

Mukandikakamiza kuti nditchule umodzi, ndinenabe Budapest, ngakhale kuti ndi kumene ndinalirira. Malo osangalalira ali pamodzi moti gulu silimwazikana kutali, tramu (sitima yoyenda mumsewu) ya nambala 6 imayenda usiku wonse, timu ya Ferencváros imasewera mumzinda momwemo, ndipo bwalo la Puskás Aréna, limene linatsegulidwa mu 2019 n'kuchititsa ndime yomaliza ya Europa League mu 2023, ndi loyenera kukaliona. Mupite pakati pa May ndi September. Mnzathu wa bondo uja sanabwererenso kosewera, masiku ano ndiye amatiimbira mpira Lamlungu, ndipo nditamuuza za funso lanuli wati ngati m'timu mwanu muli malo a woyimbira mumuuze, pasipoti yake idakali ndi zaka zitatu.