Kodi America inakanadi kupereka dipo kwa achifwamba a panyanja?

Owerenga ena andilembera imelo sabata yathayi. Akuti anamva kuti America itangodziimira payokha inakana kupereka ngakhale senti imodzi kwa achifwamba a panyanja a kumpoto kwa Africa, m'malo mwake inapanga sitima zankhondo. Akufunsa ngati n'zoona.

Zikomo achimwene pofunsa, koma amene anakuuzaniyo anangokupatsani theka la nkhani. Sitimazo zinapangidwadi, ndalamanso zinaperekedwa, zambiri ndithu.

America isanachoke m'manja mwa Britain, sitima zake zamalonda zinkayenda panyanja ya Mediterranean motetezedwa ndi Angerezi. Ufulu utabwera mu 1783, chitetezocho chinatha. Olamulira a Algiers, Tunis ndi Tripoli, mizinda ya kumpoto kwa Africa, ankagwira sitima za mayiko osawapatsa msonkho, amalinyero n'kuwasandutsa akapolo mpaka kwawo atatumiza dipo. Mu 1785 Algiers inagwira sitima ziwiri za America, Maria ndi Dauphin, muli anthu 21. Boma la America linalibe ndalama, linalibenso sitima yankhondo ngakhale imodzi. Ena mwa anthuwo anafera komweko ndi mliri, ena anadikira mpaka 1796. Zaka 11, abale anga, munthu akuswa miyala kudziko lachilendo! Apa m'pamene mtima wanga umawawira kwambiri. Sindiiwalanso kuti America yomweyo inali ikusunga anthu akuda zikwi mazanamazana mu ukapolo, ndipo iwo analibe boma lowaombola.

Sitima zina 11 zitagwidwa mu 1793, nyumba yamalamulo inavomereza mu 1794 kupanga sitima zankhondo zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo Constitution imene ilipobe ku Boston. Koma zisanathe kupangidwa, mu 1795 America inagwirizana ndi Algiers kupereka madola opitirira 600,000, kuwonjezapo msonkho wa chaka ndi chaka.

Nkhondo yeniyeni inabwera mu 1801. Yusuf Karamanli, wolamulira wa Tripoli, anafuna ndalama zambiri, Pulezidenti Thomas Jefferson anakana, ndiye anthu a Yusuf anagwetsa mtengo wa mbendera pa ofesi ya kazembe wa America. Uko kunali kulengeza nkhondo. Mu October 1803 sitima yankhondo ya America yotchedwa Philadelphia inatitimira pamiyala pafupi ndi doko la Tripoli, amalinyero oposa 300 n'kugwidwa. Mu February 1804 Stephen Decatur, msilikali wa panyanja wa America, anazembera m'dokomo usiku n'kuyatsa sitimayo kuti adani asaigwiritse ntchito. Chaka chotsatira William Eaton wa ku America anadutsa chipululu kuchokera ku Alexandria ndi Hamet, mchimwene wake wa Yusuf, nalanda tauni ya Derna m'dziko la Yusuf. Yusuf anachita mantha kuti ufumu umuchoka, anavomera mtendere mu June 1805. Komabe America inaperekanso madola 60,000 kuombola anthu a mu Philadelphia aja, ndipo ine ndikuti inachita bwino, poti anthuwo anabwerera kwawo amoyo.

Mawu munamva aja, oti mamiliyoni apite kuchitetezo koma senti ya msonkho ayi, analankhulidwa mu 1798 pa mkangano ndi France, osati ndi Tripoli. Msonkho wopita ku Algiers unatha mu 1815, Decatur yemwe uja atabwerera ndi sitima zambiri n'kukakamiza mfumu ya kumeneko kusaina pangano latsopano.