Nyerere za m'foni: njira, mzere kapena mpita?

FUNSO: Ndimaphunzitsa za kompyuta pa sekondale ina kufupi ndi Lizulu. Ndimafotokozera ana za mafoni olumikizana okhaokha popanda nsanja ya kampani, ndi mmene amapezera fayilo yomwe ili pa foni ina potengera nzeru za nyerere. Mawu akuti pheromone trail ndinawamasulira kuti "njira ya nyerere", ana n'kuseka kuti nyerere sizilambula msewu. Ndiziti chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, musawakalipire anawo, makutu awo ali bwino. "Njira" si kulakwa ayi, koma ndi mawu otakata kwambiri. M1 yodutsa pa Lizulu pomwepo ndi njira, kaphikidwe ka kachewere nakonso ndi njira. "Mzere" ndiye nyerere zenizenizo zikamandondozana, osati chomwe zikutsata.

Tiyambe taona chinthucho. Nyerere ikapeza chakudya imabwerera kuuna ikusiya kafungo pansi, kamene pa Chingerezi ndiye pheromone. Zinzake zimatsata pomwe kafungoko kachuluka, nazo n'kuwonjezera. Komwe kuli kufupi zimapita n'kubwerako msanga, choncho kafungo kamachulukirachulukira, pamene kotalika kamauluka mpaka kutheratu. Palibe yolamula. Marco Dorigo wa ku Italy ndiye anatenga nzeruyi n'kuiika mu kompyuta, m'kafukufuku wake wa 1992 ku Milan. Pofika 2004, akatswiri a ku Lugano ku Switzerland anali atapanga ndondomeko yotere yotchedwa AntHocNet, ya mafoni ndi zipangizo zoyendayenda. Foni imatumiza timauthenga ting'onoting'ono, tomwe eni akewo amatitcha nyerere, tizidumpha foni ndi foni. Kamene kapeza chomwe chikusakidwa kamabwerera mmene kanadzera, kakukweza kanambala pa foni iliyonse, kamene kamaimira kafungo kaja. Mwini foni wina akakwera minibasi n'kulowera ku Dedza, nambala ya mbali imeneyo imatsika, timauthenga n'kusaka kwina.

Mawu ake tili nawo kalekale: mpita.

Ine ndinakulira kusaka mbewa m'minda chimanga chitakololedwa. Malume anga ankagwada, n'kupatula udzu ndi chala, n'kundionetsa kanjira kosalala, kopyapyala ngati chingwe. Ankadziwa mpita wamoyo poona kusalala kwake ndi timanyi tatsopano. Mpita wina ankangouyang'ana n'kunena kuti, "Uwu unafa, mphwanga, usatayepo msampha." Mpita palibe amaulambula ndi khasu. Umapangika chifukwa chopitapo, ndipo dzinalo n'lochokera ku mneni "kupita", zimenezo sindikayika n'komwe. Mbewa zikaleka kupitapo, udzu umatseka. Ndiuzeni ngati si zomwezo zimene Dorigo analemba ndi masamu.

Alipo adzanditsutsa kuti mpita ndi wa mbewa, osati nyerere. Zoona. Koma Chingerezi chomwecho pheromone anachita kuwumba mu 1959 polumikiza mawu awiri a Chigiriki, lina lotanthauza kunyamula, lina kutakasa. Iwo kukabwereka ku Greece n'kololedwa, ife kubwereka kwa mbewa ya m'munda mwathu ukhale mlandu? Muziti "mpita wa kafungo", kapena "mpita" basi ana akazolowera.

Chomwe chimandiwawa ine ndi china. Mwana yemweyo akusekayo, akatuluka m'kalasi mumumva akuti "ndikusetcha netiweki". Kusetcha! Pamene "kusaka" kulipo, ndipo kumanena zonse: kuyendayenda, kununkhiza, kubwerako chimanjamanja. "Netiweki" ndinaisiya, inandigonjetsa, ngakhale agogo a kwa Tsangano amaitchula akamadandaula kuti foni yakoka ya ku Mozambique. "Ukonde" ndinayesapo, anthu n'kumaganiza za usipa. Koma "kusetcha" ayi, ndikana mpaka ndidzalowe m'manda.

Chenjezo limodzi: musati linthumbu. Ndinamvapo wina akutero pofuna kukometsa. Linthumbu limabwera ngati nkhondo, kusamutsa banja usiku ndi kupha nkhuku m'khola. Timauthenga tanuti ndi tinyerere wamba, tija timapeza shuga ngakhale mwabisa m'chitini pamwamba pa kabati. Mawa mukawatayire anawo kashuga pakhonde la kalasi, adikire pang'ono nyerere zibwere, kenako mmodzi apukute pakati pa mpitawo ndi chala, aone mmene zibalalikire zisanaupezenso.