Nandolo wanga anafumbwa mu weyahausi ku Limbe

Achimwene, funso lanu la momwe mungatumizire nandolo wakumudzi kunja landikhudza pachilonda. Zotumiza nandolo wakumudzi kunjazi ine ndinazilowa mu 2017 ndipo mpaka lero ndikamva fungo la nandolo wofumbwa mtima umandiwawa.

Paja mu 2016 nandolo anali ndi ndalama. Ku India mvula inali itavuta zaka ziwiri zotsatizana, ndiye amangogula aliyense amene wapezeka. Chaka chotsatira aliyense analima, kwathu ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chiradzulu, munda uliwonse nandolo yekhayekha. Ine ndinatenga ngongole ku banki nkhonde, kuwonjezera katapila, n'kukaika sikelo kumudzi. Matumba ena anandipatsa azakhali ndi anzawo a kumpingo kuti ndidzawalipire katundu akapita. Ku Limbe kunali bambo wina wodzitcha ajenti, wa jekete ndi mafoni awiri, amene analumbira kuti ali ndi wogula ku Mumbai ndipo kontena ikudikira ku doko la Beira.

Lole itafika pa geti la weyahausi yake, munthu uja anasintha nkhope. Anabaya thumba limodzi, n'kuluma kanjere, akuti chinyezi chachuluka. Thumba lina akuti muli miyala. Nandolo amene azakhali anapeta okha ndi lichero, ine ndikuona! Akuti tsitsani kaye, tikambirana mawa. Mawa lakelo foni yothima. Ndimapita m'mawa, mlonda akuti bwana apita ku Lilongwe. Ndimapita madzulo, akuti angotuluka kumene. Apa n'kuti mu Ogasiti chaka chomwecho India italengeza kuti nandolo wochokera kunja asapitirire matani 200,000 pachaka chifukwa kwawo anali atakolola wambiri. Ajenti uja ankadziwa. Ankadziwa bwinobwino, koma anandisiya ndikulipira lole ndi anyamata otsitsa katundu.

Tsiku limene ananditsegulira, ndinalowetsa dzanja m'thumba ndipo munatuluka ufa ndi anankafumbwe akuyenda m'zala. Sanathire mankhwala ngakhale kamodzi. Kenako akunditulutsira pepala la ndalama zosungira katundu, ine wanga woonongeka, ndimulipirenso! Mtengo umene anandiuza sukanabweza ngakhale ya lole yokha. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, anyamata onyamula matumba akundiyang'ana. Chimene chimandipweteka kwambiri si katapila ayi, ndi ulendo wobwerera kumudzi kukauza azakhali kuti ndalama ya feteleza kulibe. Sanakalipe. Anangoti "Chabwino mwanangu," n'kulowa m'nyumba. Bola akanandinyoza.

Anthu amenewa ndi afisi, achimwene, ndipo adakalipo ku Limbe kuno, amangosintha dzina pa chikwangwani. Munthu uja pano ndimamuona akuyendetsa galimoto yatsopano.

Komatu musagwe mphwayi, msika ulipo. Mu 2021 boma linasainirana ndi India mgwirizano wotumiza matani 50,000 a nandolo pachaka kwa zaka zisanu, ndipo soya, mtedza ndi chitowe nazonso zimafunidwa kunja. Kungoti mtedza umabwezedwa msanga ukapezeka ndi chuku, makamaka ku Ulaya, ndiye musamauwaze madzi posenda. Mapepala yambani msanga: chiphaso cha ku Unduna wa Zamalonda, satifiketi yoti mbewu ilibe matenda ndi tizirombo imene mungakafunse kumalo ofufuzira zaulimi ku Bvumbwe, fomu ya CD1 (yolembetsera ndalama za katundu wotumizidwa kunja) ku banki yanu, kenako za MRA. A MITC, bungwe la boma lolimbikitsa malonda akunja, ali ndi ofesi mu Blantyre muno, pitani mukawafunse za ogula enieni.

Ndipo ajenti mumufunabe, musadzinamize. Kontena imodzi imadya matumba a makilogalamu 50 oposa 400, inu nokha mudzaza liti? Za msewu wa ku Mwanza, Tete mpaka Beira kapena sitima ya ku Nacala amazidziwa ndi iwowo. Pezani wanu, koma thumba lisatsike m'lole musanasainirane mtengo ndi kulandira theka la ndalama. Chinyezi mukayeze nokha musananyamuke. Kapena sungitsani ku weyahausi ya ACE, bungwe la msika wa mbewu, akupatseni risiti, mugulitse mtengo ukakwera. Katundu wa abale pangongole ndiye ayi, ngakhale atakukakamizani okha. Ine chaka chino ndagulanso pang'ono ku Migowi, mukafuna tiphatikize ndilembereni ku inibokosi.